Azakhali, mwana wanga akuti akupanga gemu: kodi sanamulodze?

Azakhali okondedwa,

Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala ku Kanyama ndipo ndimagulitsa vitumbuwa ndi chikanda pafupi ndi siteshoni ya minibasi. Nkhani yanga ndi ya mwana wanga wachisamba, mnyamata wa zaka 17 amene ali mu Giredi 11. Chaka chatha amalume ake a ku Johannesburg anamubweretsera PlayStation 2 yakale, yoti ana awo anatopa nayo kalekale. Poyamba nyumba inkadzaza ndi anzake, phokoso la mpira mpaka usiku, ine n'kumakalipa. Manje zasintha, ndipo kusinthako n'kumene kwandiopsa. Mwana uja anasiya kusewera. Anagula laputopu yosweka ngodya ndi tindalama timene ankapeza pothandiza m'shopu ya magemu ya pafupi ndi kwathu, ndipo akaweruka kusukulu amangokhala duu, kulemba zinthu zosawerengeka: manambala, timizere, mawu a Chingerezi osalumikizana. Akalemba amaika pa fulashi n'kulowetsa mu PlayStation muja, ndiye pa TV pamatuluka kabokosi kofiira. Kabokosi basi, Azakhali. Tsiku lina kabokosiko kanasuntha, mwanayo anakuwa mpaka nkhuku za a landilodi zinabalalika.

Malaiti akabwera 2 koloko usiku, iye wadzuka kale. Akapita, amalemba m'kope la Civic Education. Amalankhula yekha. Ndikamufunsa, ati, "Mami, nipanga gemu, simungamvetse." Anansi akuti n'za satana, chifukwa wina anamuona akujambula kamunthu kopanda nkhope. Ndinapita naye kumapemphero kawiri, ndipo ulendo wachiwiriwo anafunsa abusa ngati m'tchalitchi muli soketi. Atate ake akuti tigulitse zonsezi tigule simenti yoika pakhomo kuti madzi asamalowe m'nyumba nthawi ya mvula. Ndichite chiyani? Kodi mwanayu sanamulodze?

Mayi wosagona tulo, Kanyama

Mayi anga osagona tulo,

Ndikhululukireni, ndayamba ndaseka ndisanagwire cholembera. Pa nkhani ya soketi ija mwandisiya m'malere. Abusa anati chiyani? Ilipo kapena palibe?

Tithane kaye ndi za ufitizo. Ine ndakalamba ndikumva za afiti oyenda pa lichero, afiti okwera fisi, ena oti amalimitsa anzawo m'munda usiku wonse ali m'tulo. Koma mfiti yodikira magetsi, yoti malaiti akazima nayo ntchito yaima, imeneyo ndaimvera kwa inu. Mu 2024 muja, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, makomboni athu ankakhala mumdima maola 20 ndi kuposerapo pa tsiku. Ufiti wa mtundu umenewu ukanatha wokha chaka chimenecho popanda woupempherera. Ndiye anansi anuwo auzeni kuti Azakhali akupereka moni, ndipo akufunsa kumene ana awo amaswera. Ndikufunsa dala. Ndimawaona anyamata a m'komboni ataunjikana pa makina a bonanza pakhomo la bala, ena maso ali tong'o pa foni kudikira kandege ka Aviator kuti kauluke ndi ndalama ya ndiwo. Amenewo palibe amene amawatengera kumapemphero, poti juga tinaizolowera. Wanu yekhayu, wokhala pakhomo n'kumalemba manambala m'kope, ndiye waoneka wa satana.

Inu mumakazinga vitumbuwa, choncho simufunika kuuzidwa kusiyana kwa munthu wodya chitumbuwa ndi munthu wodziwa kukanda ufa wake. Odya ndi ambiri, ndipo onse amadziyesa akatswiri: ichi chachepa shuga, ichi chapserera. Apatseni ufa ndi yisiti muone. M'mashopu a magemu a ku Kanyama, Chawama, George mpaka ku Mtendere mwadzaza odya. Amalipira, amakhala pabenchi, amamenya FIFA kapena Mortal Kombat, amatukwanizana, ndalama ikatha aliyense kwawo. Wanuyu wanyamuka pabenchipo, wapita kumene kuli ufa.

Lekani ndikuuzeni za kabokosi kofiirako, chifukwa mwakanyoza kwambiri. PlayStation 2 inatuluka m'chaka cha 2000, ndipo a Sony anaipanga yokhoma: yogula m'shopu imavomera madisiki okhawo amene iwo awaloleza. Koma padziko pano pali anthu osamva mawu oti "usakhudze". Anthu oterowo, a m'mayiko osiyanasiyana, osalipidwa ndi aliyense, anawafufuza makinawo mpaka anadziwa zonse za m'kati mwake, n'kulemba zida zaulere zotchedwa PS2SDK. Ena anadzapanganso kapulogalamu kotchedwa FreeMcBoot, kamene kamakhala pa memori khadi n'kumatsegula chitseko chimene a Sony anakhoma. Ngati mwana wanu akulowetsa fulashi n'kuona zakezake pa TV, ndiye kuti njira imeneyi, kapena ina yofanana nayo, waidziwa. Mawu osalumikizana aja ndi chilankhulo cholamulira makompyuta, ndipo kawirikawiri pa makina amenewa anthu amalemba m'chotchedwa C. Amalemba pa laputopu, pulogalamu ina imasandutsa zolembazo kukhala manambala amene PlayStation imamva, kenaka amasamutsira pa fulashi. Akangoiwala kachizindikiro kamodzi kumapeto kwa mzere, zonse zimakana. N'chifukwa chake amalankhula yekha. Akukangana ndi chinthu chosamva kupepesa.

Kuti kabokosi kasunthe, makina amafunsa padi kuti batani ladinidwa ndi liti, amasintha nambala yosonyeza pamene kabokosiko kali, amafufuta chithunzi chakale, amajambula chatsopano, n'kuyambiranso, maulendo 50 kapena 60 pa sekondi imodzi. Wosewera mpira wa mu FIFA amene anzake aja ankamukuwira ndi kabokosi komweko, kungoti anakaveka jezi ndi nkhope. Kamunthu kamene anansi anakaona n'koti sikanafike povekedwa. Ndiye tsiku lija mwana wanu anali ndi chifukwa chokuwira. A landilodi apepesedwe, koma ndikhulupirira nkhuku zinabwerera.

Musaganize kuti matendawa ayambira ku Kanyama. Mu 1984 kampani ya Nintendo ku Japan inayamba kugulitsa Family BASIC, kiyibodi ndi katiriji zolumikiza ku makina awo a Famicom, kuti ana azilemba timagemu tawo pa TV ya pabalaza n'kumasunga pa kaseti ya tepi. Masahiro Sakurai, amene anadzapanga Kirby ndi Super Smash Bros., amanena yekha kuti anaphunzirira pamenepo. Mu 1997 a Sony anatulutsa ku Ulaya ndi ku America PlayStation yakuda yotchedwa Net Yaroze, yopangidwira anthu ngati mwana wanuyu, ana a sukulu ndi ongokonda. Ku America inkagulidwa madola 750, pamwamba pake munthu akhale ndi kompyuta yakeyake, ndipo gemu yonse inkayenera kukwana mu 2 MB. Magemu abwino a anthu amenewa ankaikidwa pa madisiki obwera ndi magazini ya PlayStation ku Britain, ndipo ena mwa opangawo anadzalembedwa ntchito m'makampani a magemu. Taonani tsono. Chimene makolo a ku London ankatulutsira ndalama zochuluka chonchi, wanu akuchichita ndi makina otola kwa amalume ndi laputopu yosweka ngodya. Inu n'kumutengera kwa abusa!

Atate ake nawonso asadziyeretse. Ngati anakulira mu Lusaka m'ma 1990, ndikuwadziwa bwino. Ndi omwe aja ankazemba kusukulu kukaunjikana panyumba ya mnzawo amene anali ndi TV gemu ya makatiriji achikasu, olembedwa kuti muli magemu 9999 pamene enieni anali ochepa, ongobwerezedwa ndi kusinthidwa mitundu. Ankawombera abakha ndi kamfuti kapulasitiki mpaka adaputa kununkha. Makina amenewo anali okopera Famicom yomwe ija. Super Mario Bros. ya 1985, imene inkawaiwalitsa nsima, inali ya 40 KB basi. Chithunzi chimodzi chimene mumatumizirana pa WhatsApp nthawi zambiri chimaposa pamenepo. Ndipo mpaka lero alipo anthu amene amalembera makina akalewo magemu atsopano, monga Micro Mages, imene anthu awiri a ku Berlin anatulutsa mu 2019, nayonso ya 40 KB. Bambowo anasewera zaka zonsezo osadzifunsapo kuti Mario amadumpha bwanji. Mwana wawo wadzifunsa. Akhale pansi anyadire.

Za simentizo, tiyeni tiwerengere limodzi. PlayStation 2 zinagulitsidwa zoposa 150 miliyoni padziko lonse, si chinthu chosowa ayi. Mukapita nayo ku City Market, wogula aitembenuza uku ndi uku, aigwedeza, anena kuti lenzi yatha, n'kukupatsani ndalama yoti mukafika nayo kwa ogulitsa simenti akusekani. Ndiponso madzi a ku Kanyama mukuwadziwa inu kuposa ine. Malowo ndi athyathyathya, pansi pake pali thanthwe, madzi alibe kothawira, ndipo agonjetsa akuluakulu ambiri amene analonjeza kuwathetsa. PlayStation ya mwana sindiyo iti iwathe. Atate ake akafuna kuthandiza, akhome shelefu pamwamba, makinawo ndi laputopu zizikhala pamenepo mvula ikayamba.

Tsopano ndisakunamizeni, poti mwina mwayamba kale kulota nyumba ya ku Kabulonga. Gemu ya PlayStation 2 yopangira kuchipinda palibe adzaigula. Ngakhale pa makina atsopano, magemu ambiri a anthu apaokha sabweza n'komwe ndalama imene wopangayo anawononga. Kuti gemu ifike pa PlayStation 5 kapena Nintendo Switch movomerezeka, pamafunika kulembetsa kwa eni makinawo, kusaina mapangano ndi kupeza zida zawo zapadera. Zimatheka, sindikukana. Semblance, ya Ben Myres ndi Cukia Kimani, inatuluka pa Switch mu 2018, koma onani kumene inayambira: inali ntchito ya kusukulu pa yunivesite ya Wits ku Johannesburg. Kuno kwathu Ifunga Ndana anapanga SCND Genesis, gemu ya ndewu ya pa kompyuta yochokera pa nthano zake zojambula, anthu n'kuona kuti nayenso mwana wa m'Zambia angathe. Phindu limene mungaliwerengere ndi mutu umene mwanayu akuunola. Munthu amene wakakamiza makina okhoma a chaka cha 2000 kumvera malamulo ake sadzavutika kwambiri ndi mapulogalamu a kubanki, a mobile money kapena a kuchipatala, ndipo kumeneko ndiye kuli malipiro a pamwezi.

Koma kumeneko salowa ndi kabokosi kofiira m'manja. Amafunsa satifiketi ya Giredi 12. Yunivesite ya UNZA ili apo pa Great East Road, moyandikana ndi Kalingalinga, maphunziro a kompyuta alipo, ndipo wopanda masamu salowa. Apa ndiye pomugwirira mwana wanu, chifukwa sangakane. Malo a kabokosi pa TV ndi x ndi y omwe aja a m'kalasi. Kuti mpira ugunde khoma n'kubwerera pafunika mavekita. Kuti kamunthu kazungulire pafunika sine ndi cosine. Choncho umboni woti akupangadi gemu, osati kungothawa kutunga madzi, muupeza pa lipoti la kusukulu. Masamu akakwera temu ino, musiyeni. Akatsika, laputopu izigona m'chipinda mwanu kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, iye azikumana nayo Loweruka ngati mlendo. Kope la Civic Education nalo libwerere ku ntchito yake. Mugulireni lina, la timabokosi lija, limathandizanso pojambula anthu ake opanda nkhopewo.

Za kudzuka 2 koloko usiku, pamenepo ndili mbali yanu. Mwana wa sukulu agone. Inu mumadzuka kale m'bandakucha kukanda ufa, ndiye mukapeza magetsi alipo mulumikizireni laputopuyo itchaje, iye adzaipeza yodzaza. PlayStation ndi TV zizigona zozula ku soketi, chifukwa magetsi akamabwerera nthawi zina amabwera ndi ukali.

Chilipo chimodzi chimene ndikufuna mumuyang'anire, ndipo si ziwanda. Chitseko chimene FreeMcBoot imatsegula sichisankha wolowa: imalowa gemu yakeyake, amalowanso magemu okopera a eni ake. Anthu akangodziwa kuti mnyamatayu amatha, ayamba kubwera ndi mafulashi ndi timakwacha kuti awadzazire. Dziko lathu lili ndi lamulo la 1994 loteteza ntchito za olemba, oimba ndi opanga mapulogalamu, ndipo a Sony eni akewo sachita nthabwala: mu 2010 anachotsa pa PlayStation 3 mwayi woikapo Linux, ndipo mu 2011 anamutengera kukhoti mnyamata wa ku America, George Hotz, chifukwa chothyola loko wa makinawo. Sindikunena kuti maloya a ku Tokyo afika pakhomo panu, njira yake sangaipeze, ndipo akaipeza nsapato zawo zitsala m'matope. Chimene ndikuopa ine n'chakuti ndalama ya kukopera imabwera msanga, ya kupanga imachedwa. Mwana akazolowera yamsangayo, zaka khumi zikubwerazi mudzamupeza akadali pakona pomwepo, akudzaza mafulashi a ana a anzake.

Tsopano mupatseni tsambali, ndilankhule naye.

Iwe mnyamata wa soketi, moni. Ndakuikira kumbuyo pamaso pa amayi ako, tsono usandichititse manyazi. Munthu amene amapsa ndi mafuta m'mawa uliwonse kuti iwe udye sayankhidwa kuti "simungamvetse". Akhazike pansi, uwapatse padi, uwaonetse batani. Akalephera kumvetsa gemu yako m'mphindi imodzi, wolakwa ndiwe, bwerera ukakonze. Onse opanga magemu amayesera pa anthu osadziwa, ndipo iwe uli naye woyesera waulere m'nyumba, woti sadzakunyengerera.

Usalote zazikulu. Za olota zazikulu uwerenga m'munsimu. Panga kanthu kakang'ono kokhala ndi poyambira, pothera, ndi mawu ouza munthu kuti waluza, ukamalize, anzako akasewere. Ndipo kakhale ka kwanu. Anthu a ku Japan sakudikira iwe kuti uwapangire ninja, ali nawo okwanira. Koma palibe mwa iwo amene angapange gemu ya mnyamata wa wilibala wochoka ku Soweto Market ndi matumba a makala, akulumpha zithaphwi, akuponda pa miyala ndi matumba amchenga amene anthu amayala m'njira mu Januwale, minibasi ikumuimbira huta kumbuyo, thumba limodzi likagwera m'madzi malipiro achepa. Kapena nsolo. Mizere inayi ya maenje, timiyala towerengeka, malamulo odziwika. Madala a pamsika adzakuuza okha pamene walakwitsa, mokweza mawu. Ukaphunzitsa makina kusewera nsolo mpaka kugonjetsa mdala mmodzi yekha, ngakhale aphunzitsi a ku yunivesite adzaima kuti aone.

PlayStation 2 ikuphunzitsa zambiri, chifukwa ndi yovuta, koma kumbukira kuti anthu a m'komboni amene angasewere gemu yako ali ndi mafoni m'matumba, osati mapadi. Pali Godot, pulogalamu yaulere imene inayambira ku Argentina, yosalemera pa laputopu yofooka, ndipo zimene wapanga ungazisamutsire pa foni ya Android. Pali GB Studio, imene Chris Maltby anatulutsa mu 2019, yopangira magemu a Game Boy ngakhale usanadziwe kulemba khodi yambiri. Imeneyo uyambitsire alongo ako, asamangokhala okutengera madzi akumwa. Akaikonda, bungwe la Asikana Network lilipo, linakhazikitsidwira atsikana oterowo. Ikanso PCSX2, pulogalamu yotsanzira PlayStation 2, pa laputopu ngati ingakwanitse, uziyesera pamenepo zolemba zako, kuti usamalimbirane TV ndi amayi ako nthawi ya sewero la Mpali. Nkhondo imeneyo sungapambane.

Zolemba zako uzisunga pawiri, fulashi ina izikhala kwina, chifukwa laputopu yosweka ngodya simatsanzika ikamafa. Ndipo tuluka m'chipindamo. Mutu umodzi susenza denga: gemu imafuna wojambula, imafuna woimba, ndipo m'komboni mwanumo anyamata a timasitudiyo ndi osawerengeka. BongoHive ilipo mu Lusaka kuyambira 2011, ndi kumene anthu a matenda ngati akowa amakumana. Tsatira zimene amalengeza, tsiku lina upemphe ya minibasi upiteko. Usambe kaye.

Azakhali

Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 24 wa ku Matero, ndimagwira ntchito mu buthi ya mobile money. Chibwenzi changa chili ndi zaka 28, ndipo chidziwiraneni amanena kuti akupanga gemu yaikulu ngati GTA koma ya mu Lusaka, yokhala ndi Cairo Road, Findeco House ndi makondakitala olankhula Chinyanja. Papita zaka zitatu. Sindinaonepo kalikonse kupatula dzina la gemuyo limene anasindikiza pa T-sheti. Ndikafunsa, akuti n'zachinsinsi, anthu angamubere nzeru. Ndikanena zokaonekera kwa makolo anga, akuti tidikire gemu ituluke, ati ngakhale ya ku Cameroon inatenga zaka 13. Manje akuti ntchito yaima chifukwa alibe PlayStation 5, ndiye ndimubwereke ndalama za float, adzabweza kawiri. Pang'ono ndinamupatsako kale. Ndimamukonda, ndipo akamafotokoza za gemu yake maso ake amawala. Ndidikire?

Wodikira, Matero

Mwana wanga wodikira,

Za maso owalazo ndamva. Nanga manja akutani?

Ndiyambe ndi PlayStation 5. Yogula m'shopu ija ndi yosewerera. Gemu yoti igulitsidwe imalembedwa pa kompyuta, ndipo zida zoyesera pa makina a Sony sazigula ku Manda Hill, amapatsidwa okhawo amene alembetsa n'kuvomerezedwa. Ndiye bambo wakoyo akati ntchito yaima posowa PlayStation 5, tanthauzo lake n'lakuti akufuna kumenya mpira pa TV yaikulu ndi ndalama za abwana ako.

GTA V, imene akuti aiposa, inatuluka mu 2013 itagwiridwa ndi anthu oposa 1,000 kwa zaka zingapo. Iye ali yekha, ndi T-sheti.

Za ku Cameroon sananame, koma wakuuza theka. Olivier Madiba anayamba kulimbana ndi gemu yake ya Aurion mu 2003 akadali mnyamata, ndipo gemuyo inatuluka mu 2016 pansi pa kampani yake ya Kiro'o Games ku Yaoundé, magetsi akuzimazima ngati kuno komwe. Koma m'zaka zimenezo ankapanga, kuonetsa anthu, kugwetsa, kuyambiranso. Anasonkhanitsa anzake ogwira nawo ntchito. Amene anaikapo ndalama zawo anali ataona kanthu ndi maso. Wakoyu watengako chiwerengero cha zaka chokha, ntchitoyo waisiya ku Yaoundé. Za kubedwa nzeru usazimvere n'komwe. Nzeru ya gemu ya mu Lusaka aliyense amene anakwerapo minibasi ya ku Matero ali nayo, kondakitala yemwe. Chosowa ndi munthu wokhala pansi n'kuilemba. Januwale aliyense kuyambira 2009 kumachitika Global Game Jam, kumene anthu m'mayiko ambiri, ena osadziwana n'komwe, amakumana n'kupanga gemu yosewereka m'maola 48. Yoipa, yopunduka, koma yoyenda. Ngati alendo amatha m'masiku awiri, katswiri wa zaka zitatu asakuuze kuti alibe choonetsa.

Ndiye umupatse milungu iwiri. Akubweretsere, pa foni kapena pa laputopu, chinthu choti iwe udine batani ndi chala chako n'kuona chikuyenda. Vidiyo ayi, chithunzi ayi, T-sheti ina ayi. Akabwera nacho, ngakhale chikhale chonyansa bwanji, ndiye kuti ndi mmisiri woona koma wochedwa, ndipo wotereyo ungamupirire, bola masana azigwira ntchito yolandira ndalama, gemu izikhala ya madzulo. Makolo ako nawo asadikire gemu. Kukaonekera sikufuna intaneti. Akabwera ndi nkhani ina yokoma m'malo mwa chinthu, umuyamikire, chifukwa luso losimba nkhani ali nalodi, umuuze akalembe masewero a pa TV, iwe uyang'ane kwina.

Koma usanachite zonsezi, mvera bwino. Float si yako. Tsiku limene abwana adzawerengere n'kupeza yaperewera, wokafotokoza kupolisi adzakhala iwe, iye ali kunyumba akuganizira dzina la gemu yachiwiri. Zimene unamupatsa zibwerere mu buthi sabata ino, ndipo usatulutsenso ngakhale ngwee imodzi.

Azakhali